Galimoto yozima yokha ndi kaketulo kofiira

 Lero za soya ndi mtengo wa feteleza tiziike kaye pambali. Ndikufuna tikambirane za timagetsi tija timayaka kuseri kwa chiwongolero, komanso khalidwe la galimoto zobwera masiku anozi lomazima zokha munthu ukangoima. Nkhaniyi ndi yaitali, ndiye wa bandulo yoperewera asunge, adzawerenge usiku.

Chaka chilichonse fodya akayamba kugulidwa ku Kanengo ndi ku Chinkhoma, m'dera lathu lino mumalowa galimoto zatsopano. Kale ankakhala mapikapu otopa, oti ukaliza mudzi wonse udziwe kuti uje wadzuka. Pano ndi tigalimoto ta ku Japan, ma Mira, ma Sienta, ma Vitz, ma Fit, ma Note, totsikira pa doko la Dar es Salaam n'kulowera pa Songwe. Tina tagulidwa ndi ndalama za fodya, tina ndi thandizo la ana athu a ku Joni. Galimoto imafika yonyezimira bwino, koma buku lake, ngati lilipo, ndi la Chijapani. Wailesi Chijapani. Mayi uja amayankhula ukangotembenuza kiyi nayenso Chijapani, ana a kuno amangoti akupereka moni. Wogula amamuonetsa giya, buleki ndi hutala, basi, wapita. Za timagetsi palibe womuuza.

Wina anena kuti zimenezo n'za eni galimoto. Ayi. Kuno galimoto si ya mwini yekha. Mayi matenda akamuyamba usiku timagogoda pa khomo lomwelo. Mwana walumidwa ndi njoka, bokosi la maliro, matumba a mbewu, zonse ndi galimoto yomweyo. Ikagona pa miyala, mudzi wonse wabwerera pa ngolo. N'chifukwa chake ndikulemba. Ine ndinayendetsako thirakitala ndi lole pa esiteti ina ku Kasungu ndisanabwerere ku munda, ndipo mwana wa mlongo wanga ndi makaniko ku Lilongwe. Zatsopanozi amandimasulira ndi iyeyo akabwera kudzatenga ufa.

Chinthu choyamba, chosafuna sukulu, ndi mtundu wa kagetsi. Kobiriwira ndi kabuluu n'tongodziwitsa: indiketa ikugwira, magetsi aakulu ayaka. Kachikasu kakuti pali chinachake, ukachionetse usanachedwe, koma nthawi zambiri ukhoza kukafika kumene ukupita. Kofiira kakuti ima. Osati ukaime ukafika pa Mponela, ima pomwepo pamene wapeza poimika pabwino. Zoona, tilipo tofiira tina topepuka, monga ka lamba wa pampando kapena ka chitseko chosatsekeka bwino. Timeneto umakonza pomwepo n'kuzima.

Ukatembenuza kiyi koma injini usanailize, kapena pa galimoto za batani ukadina kawiri osaponda buleki, timagetsi timayaka tambiri nthawi imodzi. Kumeneko si kuwonongeka. Galimoto ikuitana maina ngati aphunzitsi m'mawa. Injini ikalira, tiyenera kuzima. Ndiye zoopsa zilipo ziwiri: kagetsi kotsala kali chiyakire, ndi kagetsi kosayankha n'komwe poitana maina paja. Chachiwirichi achiyang'anitsitse amene akugula galimoto kwa munthu, chifukwa alipo ogulitsa ena amachotsa babu kapena kumata tepi yakuda mkati kuti vuto lisaoneke. Ngati ka oyilo ndi ka injini sitikuyaka kiyi atatembenuzidwa, bwezerani ndalama m'thumba kaye.

Mwa tonse, kamene ndimakaopa ine ndi kofiira kooneka ngati ketulo ya tiyi, kadontho kakugwa pa mlomo. Si ketulo, ndi chithunzi cha kachitini kothirira oyilo ka makedzana. Anthu ambiri amaganiza kuti kakutanthauza kuti oyilo wachepa, ndidzathira mawa. Ayi ndithu. Kakutanthauza kuti mphamvu imene pampu imakankhira oyilo mkati mwa injini yagwa. Mkati muja zitsulo zimathamanga mosakhudzana chifukwa pakati pake pamakhala oyilo wopanikizidwa. Mphamvu ija ikagwa, chitsulo chimayamba kudya chinzake, ndipo sizitenga tsiku, ndi mphindi zowerengeka chabe. Mwina oyilo watheratu. Mwina sampu yabooka ndi mwala, zimene si zachilendo pa misewu yathu ino ndi tigalimoto tofupika m'mimbati. Mwina kasefa ka pansi katsekeka ndi zinyalala chifukwa oyilo sasinthidwa, kapena pampu yatopa. Nthawi zina ndi kasensa kokha kakunama. Koma iwe uli pa msewu sungadziwe kuti ndi chiti. Zimitsa injini, dikira pang'ono, solola kachitsulo koyezera oyilo, suzumira pansi ngati pakudontha. Ukathira oyilo koma kagetsi n'kuyakabe, galimoto imeneyo ikokedwe, ngakhale ndi ng'ombe.

Chaka chatha, nthawi yokolola mtedza, mnansi wathu wina, dzina ndisunge, anandiitana kuti ndikamve phokoso la galimoto yake. Itangolira ndinamva ngati munthu akusula khasu mkati. Pa dashibodi panali kapepala komatidwa ndi selotepi.

"Achimwene, apa mwabisapo chiyani?"

"Aaa, kagetsi kena kake kamandithobwa m'maso. Ndimati kakundikumbutsa za sevisi."

"Kanayaka muli pati?"

"Pa mlatho paja."

"Ndiye mwayenda mtunda wonsewu?"

"Koma inkayenda bwinobwino, achimwene. Ikanakhala kuti yadwala bwenzi itazima yokha. Si imazima yokha iyi?"

Injini inali itanoka. Ng'ombe ziwiri zinachoka m'khola kuti apeze ina, ndipo miyezi imene galimotoyo inagona, mpongozi wa a mfumu anapita ku chipatala pa ngolo usiku, mwana n'kubadwira pa njira. Mulungu anachita chifundo, onse ali moyo. Sindikumunyoza mnansiyu, chaona mnzako chapita mawa chili pa iwe. Koma mawu ake omaliza aja ndi amene andilembetsa zonsezi, chifukwa maganizo amenewo ali nawo anthu ambiri.

Ife alimi makina ozima okha tinawadziwira ku dimba. Mapampu a petulo othirira mbewu ndi majenereta ang'onoang'ono ambiri ali ndi kasensa mu oyilo. A Honda amakatchula Oil Alert, ndipo ma injini ena otengera pamenepo nawonso ali nako. Oyilo akatsika, kapena pampu ukaikhazika mopendekeka pa gombe la mtsinje, injini imangozima, ukakoka chingwe mpaka phewa kuwawa osalira. Pamenepo makina akudziteteza okha. Ndimaona anyamata ena akudula kawaya ka kasensa kaja ati pampu ikuvuta, kenaka patapita mwezi ali nayo pa njinga kupita nayo kwa makaniko. Ndiye munthu wozolowera pampu akaona galimoto yake ikuzima yokha pa rodibuloko, amaganiza kuti nayonso ili ndi nzeru zomwezo, ikadwala idzadziteteza. Apa ndi pamene pagona ngozi. Galimoto zathuzi zimazima zokha pofuna kusunga petulo basi. Kaketulo kakayaka sizizima. Zimakuuza, n'kukusiyira iwe. Ndipo n'zomveka. Taganizani mukupitirira lole ya fodya pa M1, kutsogolo kukubwera basi, injini n'kuzima yokha ati oyilo. Pampu ya ku dimba ikazima palibe amafa.

Ndibwerera ku kuzima kumeneku, koma ndimalize kaye tofiira tina. Ka batire, kabokosi kokhala ndi + ndi –, sikanena kuti batire latha. Kakuti altaneta yasiya kutchaja, ndipo galimoto ikuyendera chakudya chotsala m'batire. Kawirikawiri ndi lamba waduka kapena wakhwefuka. Pa injini zambiri lamba yemweyo ndi amene amazunguza pampu ya madzi, choncho ka batire kakayaka, ka kutentha kali m'njira. Ka kutenthako ndi kachithunzi ka choyezera kutentha kataima pa mafunde. Tigalimoto tambiri ta ku Japan tilibe muvi uja tinazolowera pa mapikapu, tili ndi kagetsi kokha. M'mawa wa Juni kamayaka kabuluu kapena kobiriwira, kutanthauza kuti injini ikadali yozizira, musaipanikize, kazima kokha. Kakafiira, galimoto ikuwira. Imani, ndipo chonde chivundikiro cha lediyeta musatsegule ikadali yotentha. Madzi a m'menemo ndi opanikizidwa, amatumpha n'kukusupulani nkhope. Komaliza ndi kozungulira kokhala ndi ! pakati. Ngati handibuleki mwatsitsa koma kakuyakabe, mafuta a mabuleki atsika, kaya mapadi atha kaya paipi ikudontha. Wotsika chitunda cha ku Dowa ndi kagetsi kameneko akusewera ndi miyoyo ya eni.

Kachikasu kotchuka ndi kaja amati check engine. Ana kuno amati ndi helikopita, ena amati mpopi. Ndi chithunzi cha injini. Zoyatsa kameneka ndi zambiri: mapulagi, koyilo, kasensa ka mu ekizozi, fumbi lathu lija litadzaza kasefa ka mpweya, petulo wa m'zigubu wosakaniza ndi zina, kapena chidebe chosefa utsi cha mu ekizozi chinachotsedwa n'kugulitsidwa inu musanaigule. Palibe makaniko angadziwe pongoyang'ana. Pansi pa chiwongolero pali polumikiza kamakina kowerenga, ndipo kamakinako kamatulutsa nambala ya vuto. Mphwanga uja amati anthu ambiri amangopempha kuti awazimitsire kagetsi, osafunsa kuti nambala yati chiyani, ndipo sabata isanathe kayakanso. Kakayaka chiyakire galimoto ikuyenda bwino, kafikeni koma musachedwe. Kakamaphethira, injini ikunjenjemera, ndiye kuti silinda ina sikuwotcha petulo, ndipo petulo wosapsayo akuwononga za mu ekizozi. Pamenepo chepetsani moto, fupikitsani ulendo. Ka petulo sindikamba. Kameneko m'Malawi muno aliyense amakadziwa, ena mpaka anapanga nako ubale.

Tsopano kuzima kuja. Pa dashibodi pamaoneka chilembo A chozunguliridwa ndi muvi, kapena mawu. A Mazda amati i-stop, a Daihatsu amati eco IDLE, ena amangolemba idling stop. Nzeru yake ndi yakale, a Toyota anaiyesa pa Crown m'chaka cha 1974, koma inafala posachedwapa. Ya Mazda inatuluka mu 2009, ndipo ka Mira e:S kodzaza m'misewu yathu kanatuluka mu 2011. Anapangira mizinda yokhala ndi maloboti pa mphambano iliyonse, kumene galimoto imatha nthawi yaitali itaima injini ikungodya mafuta ndi kutulutsa utsi. Ukaponda buleki n'kuima, injini imazima, kagetsi kobiriwira n'kuyaka. Ukachotsa phazi, yalira sekondi isanathe. Pa ya giya yamanja imazima ukaika nyutulo n'kusiya kilachi, n'kuliranso ukaponda kilachi. Tina mwa tating'onoti timazima galimoto isanaimiretu, ikadali kukwawa.

Mlamu wanga atakwera koyamba yotere, tinaima pa rodibuloko, injini zii. Iwo anali atatsegula kale chitseko. "Alamu, musade nkhawa, ine ndikankha, apolisiwa asatione ngati osauka." Mwini galimoto anaseka mpaka misozi.

Nanga udziwa bwanji kuti galimoto yapuma kapena yafa? Yang'ana dashibodi. Ikapuma mwadala, pamayaka kobiriwira kaja, tofiira ta oyilo ndi batire tili zii. Ikazima chifukwa cha vuto, kaketulo ndi ka batire timayaka limodzi ngati nthawi yoitana maina ija, ndipo ngakhale uchotse phazi pa buleki siilira. Chizindikiro chimenechi muwaphunzitse ndi amayi a kunyumba omwe, ndi mnyamata aliyense amene mumamubwereka kiyi.

Dandaulo lina ndi losiyana: yanga inkazima yokha, pano inasiya, yawonongeka? Kawirikawiri ayi. Isanazime, kompyuta imafunsa mafunso angapo. Injini yatentha mokwanira? Batire lili ndi moto wokwanira kulizanso? Dalaivala wamanga lamba, chitseko ndi boneti n'zotseka? Buleki waponda mwamphamvu? Choziziritsa mkati chikufuna injini? Chiwongolero chapindidwa, kapena galimoto ili pa chitunda chachikulu? Funso limodzi likalakwika, siizima. M'mwezi wa Okutobala dzuwa lili phwee, choziziritsa chili pamwamba, mukhoza kuyenda tsiku lonse osazima. Koma ikasiyiratu masabata, kapena kagetsi kachikasu ka A kakamaphethira, woyamba kumukayikira ndi batire.

Ndipo nkhani ya batire ndi imene imadya anthu ndalama. Galimoto wamba imalizidwa kangapo pa tsiku. Yozima yokha m'tauni imalizidwa kambirimbiri, ndiye anaiikira sitata yolimba ndi batire lapadera lopirira kutsitsidwa ndi kutchajidwa pafupipafupi. Mabatire amenewa amatchedwa EFB, ena AGM. Pa za ku Japan mudzaona nambala ngati M-42, N-55, Q-85 kapena S-95, pamene wamba amalembedwa ngati 40B19 kapena 55D23. Kukula kwa bokosi kukhoza kufanana, likalowa bwinobwino pa malo ake, koma mkati n'zosiyana. Ukaika wamba chifukwa ndi lotchipa, galimoto ilira inde, koma kuzimazima kuja kulitopetsa msanga, kapena kompyuta ingosiya kuzimitsa n'kuyatsa kachikasu. Galimoto zina zimafunanso kuti makaniko aiuze kompyuta kuti batire ndi latsopano. Musanapite kukagula, jambulani nambala ya lakale pa foni. Safunsa anadya phula. Komanso batire la galimoto yotere si lochotsa madzulo kukaonerera mpira pa TV, a kwathu inu, ndakuonani.

Maganizo anga ndi awa. Kwa inu a ku Lilongwe ndi Blantyre oima pa mzere m'mawa uliwonse, kuzima kumeneku kumapulumutsa petulo ndithu, ngakhale si wambiri. Kuno kumudzi phindu lake ndi lochepa. Timaima kuti ng'ombe zidutse, kupereka moni kwa a gulupu, kuyang'ana dzenje tisanalowemo. Petulo wopulumuka pamenepo sangagule batire la Q-85. Pali batani lolembedwa A OFF, nthawi zambiri kumunsi chakumanja kwa chiwongolero. Ukadina, imasiya kuzima, ndipo kachikasu kamayaka kongokukumbutsa kuti wazimitsa ndiwe. Pa galimoto zambiri ukazimitsa injini n'kulizanso, zimabwerera mwakale, ndiye umadinanso. Si kuwonongeka, anazipanga choncho.

Malo atatu ndinganene kuti dinani batanilo osaganiza kawiri. Poyamba, powoloka madzi. Mvula ikagwa madambo athu amadzaza, ndipo simufuna injini izime pakati pa madzi chifukwa mwaponda buleki kuti muone njira. Ngati madzi alowa kopumira injini, iyo n'kudziliza yokha, zitsulo za mkati zimapindika, chifukwa madzi sapanikizika ngati mpweya. Kachiwiri, m'matope kapena mumchenga pamene ukufuna mphamvu nthawi yomweyo. Kachitatu, pa mizere ya mafuta ija tinaizolowera zaka zapitazi, kusuntha phazi limodzi n'kuima, tsiku lonse, wailesi ikulira, mafoni a mzere wonse akutchajidwa pa galimoto yako. Pamenepo ndi bwino kuzimitsiratu ndi kiyi, wailesi ndi zotchaja zomwe.

China choti musaiwale: galimoto ikakhala chete sindiye kuti yazima. Osatsika pa galimoto yopuma giya ili pa D ati ndingotsegula geti. Ikani pa P, kokani handibuleki, zimitsani. Zambiri zili ndi chitetezo choti ukamasula lamba kapena kutsegula boneti zimalira alamu kapena kukana kudziliza, koma ine dzanja langa pafupi ndi fani sindingaliike podalira chitetezo chimenecho. Ma hybrid, ngati Aqua ndi Prius, ndiye osanena. Pa dashibodi pakalembedwa READY, galimotoyo ili maso ngakhale pasamveke kalikonse, ndipo ikhoza kuyenda ndi magetsi okha. Pakhomo pathu pamakhala ana okwawa, nkhuku, agogo osamva bwino. Tinazolowera kuti galimoto imachenjeza ndi phokoso, izi sizichenjeza.

Inu a m'tauni ndi a ku Joni, mukamagulira makolo kapena achimwene anu galimoto, zikomo kwambiri, Mulungu akudalitseni. Koma musangosiya kiyi n'kujambulitsa chithunzi cha pa Facebook. Khalani nawo pa mpando mphindi makumi awiri, tembenuzani kiyi, lozani kamodzikamodzi. Foni zanu zija zimatha kumasulira Chijapani mukaloza kamera pa mawu, ndiye masulirani zolembedwa pa dashibodi, mulembe pa pepala m'Chichewa, muike m'kabokosi ka kutsogolo. Muwasiyirenso botolo la oyilo woyenera injiniyo ndi nambala ya makaniko woyankha foni usiku.

Loweruka likubwerali mphwanga uja abwera ndi kamakina kake kowerengera. Tidzakhala pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa chigayo kuyambira 9 koloko mpaka dzuwa litapendeka. Amene muli ndi kagetsi koyaka, kapena kapepala komata pa dashibodi, bwerani nayo galimotoyo, palibe adzakusekeni. Koma ngati koyakako ndi kaketulo, isiyeni pomwe ilipo, mutitumizire mwana pa njinga, tidzabwera ndife. A mapampu a ku dimba odula mawaya, nanunso bweretsani, tepi ndi pulayala ndidzatenga.